Galimoto Yosamwa Mafuta: Kupeta Malangizo a Eni Magalimoto m'Boma la Ntcheu

Mtengo wa mafuta a galimoto ukakwera, amene amamva kuwawa si mwini galimoto yekha. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amalipira ndalama zoonjezera pa thumba lililonse lopita ku msika, mayi woguula tomato pa Lizulu kuti akagulitse ku Blantyre amaona phindu lake likuchepa, ndipo wodwala wochokera ku Kasinje amawerenga kawiri ndalama zake asanakwere galimoto yopita ku chipatala chachikulu cha pa boma. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linakweza mtengo wa petulo kufika pa K2,530 pa lita, ndipo dizilo anafika pa K2,734. Chiyambire nthawi imeneyo mtengowu wakweranso, ndipo nthawi zina mafutawo akhala akusowa m'malo omwetsera.

N'zosadabwitsa tsono kuti paliponse pamene eni magalimoto, madalaivala ndi amakaniko akumana, kaya ndi pa depoti, m'magalaja a m'mbali mwa msewu kapena pamzere wodikira mafuta, nkhani imakhala imodzi: galimoto ichitidwe chiyani kuti isamwe mafuta ambiri, komanso kuti ipirire misewu ya kuno? Malangizo amatuluka ambirimbiri. Wina amati galimoto ikwezedwe, wina amati muchotsedwe kachipangizo kakutikakuti mu injini, wina amalimbikitsa mankhwala othira mu thanki. Ena mwa malangizowa ndi mbewu zabwino, ena ndi mankhusu, ndipo ena ndi oopsa moti angathe kutayitsa miyoyo. Akapetedwa bwino, chotsala m'lichero ndi ichi: galimoto imamwa mafuta ochepa ikakhala pafupi ndi momwe anaipangira, ikanyamula katundu woyenera, ndiponso ikayendetsedwa modekha. Chilichonse choonjezera kapena chochotsa chili ndi mtengo wake, ndipo mwini galimoto ayenera kuudziwa mtengowo asanapereke ndalama kwa makaniko.

Misewu iwiri, galimoto imodzi

Boma la Ntcheu, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu pafupifupi 660,000, lili ndi misewu ya mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Pali misewu ya phula: M1, umene umadutsa pa Lizulu, Mlangeni, Biriwiri, pa boma ndi Kampepuza, komanso M5, umene umadutsa m'chigwa cha Bwanje cha ku Sharpevale. Ndiye pali misewu ya dothi yolowa m'midzi, yokwera mapiri a m'malire ndi dziko la Mozambique kapena yotsikira kuchigwa, yomwe m'chilimwe imakhala ya fumbi ndi miyala, ndipo m'dzinja imakhala ya matope ndi zigwembe.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene amayenda m'misewu imeneyi, monga Toyota Sienta, Probox ndi Honda Freed, anagulidwa atagwirapo kale ntchito ku Japan. Anapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Galimoto yotere ikafika kuno imapatsidwa ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuthamanga pa M1 ngati yonyamula anthu, ndi kulowa kumunda ngati yonyamula mbewu. Apa ndi pamene pamachokera chilakolako choisintha. Chilakolakocho n'chomveka, koma walira mvula walira matope: kusintha kumene kumathandiza pa msewu wa dothi kawirikawiri kumadyetsa mafuta pa msewu wa phula.

Kuyeza kusanachitike chilichonse

Eni magalimoto odziwa ntchito yawo amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu sangadziwe ngati wapulumutsa mafuta asanayeze. Muvi wa geji ya mafuta sunena zoona zenizeni, chifukwa umasuntha malinga ndi kupendekeka kwa msewu ndi maonekedwe a thanki. Njira yodalirika ndi yophweka: kudzaza thanki, kulemba makilomita amene akuoneka pa dashibodi, kuyenda monga mwa masiku onse, kenako kudzazanso thanki ndi kugawa makilomita amene ayendedwa ndi malita amene alowa kachiwiriko. Izi zikachitika katatu kapena kanayi n'kulembedwa m'kabuku, mwini galimoto amakhala ndi muyeso wake.

Kufunika kwa muyesowu kukuoneka pa chitsanzo ichi. Kuchokera pa Ntcheu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160, kutanthauza 320 kupita ndi kubwera. Galimoto yoyenda makilomita 13 pa lita imodzi imafuna malita pafupifupi 24.6 pa ulendo umenewu. Ikatsika n'kumayenda makilomita 11 pa lita, imafuna malita 29.1. Kusiyana kwake ndi malita 4.5 pa ulendo umodzi, ndipo ngati galimotoyo imayenda maulendo 20 pa mwezi, malita 90 amakhala atapita popanda chobwezera. Kutsika kwa makilomita awiri okha pa lita sikuoneka ndi maso tsiku ndi tsiku, koma m'kabuku kamaoneka msanga.

Kukweza galimoto ndi matayala akuluakulu

Kusintha kofala kwambiri ndi kukweza galimoto kuti isagunde miyala kunsi. Ena amaika zokwezera pamwamba pa masipiling'i, ena amaika masipiling'i aatali ndi olimba, ndipo ena amavala matayala okulirapo. Kukweza pang'ono, kochitidwa ndi makaniko wodziwa, kungapulumutse galimoto imene imalowa m'misewu ya kumidzi tsiku lililonse. Koma galimoto ikakwera kwambiri, kulemera kwake kumakhala m'mwamba, motero imapendekeka mosavuta pokhota ndipo siichedwa kugubuduka. Zitsulo zopereka mphamvu ku matayala akutsogolo zimagwira ntchito zitapindika mopitirira muyeso, ndipo zimatha msanga. Ikakwezedwa, matayala ayenera kuongoledwanso pa makina ake, apo ayi amadyeka mbali imodzi ndipo galimoto imamwa mafuta ambiri chifukwa imayenda ngati ikukokedwa.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachiganizira. Masipiling'i olimba amachititsa kuti galimoto isaoneke yolemedwa, koma saonjezera mphamvu ya mabuleki kapena ya matayala. Galimoto imene inapangidwira anthu 7 imakhalabe ndi mabuleki a anthu 7, ngakhale itaima chilili itasenza anthu 12 ndi matumba a mbatata.

Matayala okulirapo nawonso ali ndi masamu ake. Tayala lolembedwa 175/70R14, lomwe limapezeka pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, ndi lotalika mamilimita pafupifupi 601. Lolembedwa 195/70R14 ndi lotalika mamilimita pafupifupi 629. Kusinthaku kumakweza galimoto ndi mamilimita 14 okha, koma tayalalo limakula ndi pafupifupi 5 peresenti. Zotsatira zake n'zakuti pamene dashibodi ikuonetsa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 84, ndipo makilomita owerengedwa amachepa kuyerekeza ndi oyendedwadi. Tayala lalikulu ndi lolemeranso, motero injini yaing'ono imavutika ponyamuka ndi pokwera zitunda. Amene akufuna kuteteza kunsi kwa galimoto angachite bwino kuyamba ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini, chomwe chimateteza posungira oyilo ku miyala popanda kusokoneza kayendedwe ka galimoto.

Ogula matayala ogwiritsidwa kale ntchito ayenera kuyang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi manambala anayi a m'mbali mwa tayala oonetsa nthawi imene linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka abwino. Chachiwiri ndi chizindikiro cha phiri ndi chipale chofewa, chomwe chimasonyeza tayala lopangidwira nyengo yozizira kwambiri ya maiko ngati Japan. Mphira wake ndi wofewa, umadyeka msanga pa phula lotentha, ndipo umaonjezera kamwedwe ka mafuta.

Zoonjezera za kunja ndi katundu

Kaliyala wa padenga ndi wothandiza kwa wonyamula madengu ndi matumba, koma amalimbana ndi mphepo. Unduna woona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta ku United States umanena kuti bokosi la katundu la padenga limaonjezera kamwedwe ka mafuta ndi 2 mpaka 8 peresenti m'tauni, ndipo pa msewu waukulu ndi 6 mpaka 17 peresenti. Umanenanso kuti makilogalamu 45 alionse oonjezera amadya pafupifupi 1 peresenti ya mafuta, makamaka pa galimoto yaing'ono. Thumba limodzi la chimanga ndi makilogalamu 50. Choncho kaliyala amene sakugwira ntchito ndi bwino kumuchotsa, ndipo zitsulo, matayala akutha ndi zigubu zongokhala kumbuyo kwa galimoto n'zofunika kuzitsitsa.

Zitsulo zikuluzikulu zotchinga kumaso kwa galimoto zimaoneka zokongola ndi zamphamvu, koma ndi zolemera, ndipo zikaikidwa mwachisawawa zingathe kusokoneza zipangizo zotulutsa matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi chitsulo chotere amavulala modetsa nkhawa kusiyana ndi akagundidwa ndi galimoto yopanda chitsulocho. M'boma limene misika yake ikuluikulu ili m'mbali mwenimweni mwa msewu, mfundo imeneyi si yoipeputsa.

Nyale zoonjezera zowala kwambiri zimathandiza m'misewu ya kumidzi yopanda magalimoto ena, koma pa M1 zimathobwa m'maso dalaivala wochokera kutsogolo, amene kwa kamphindi saona wanjinga, woyenda pansi kapena ngolo. Mababu a LED oikidwa m'nyale zimene sizinapangidwire mababu otere amamwaza kuwala paliponse m'malo moloza pa msewu. Ndipo chipangizo chilichonse chamagetsi, kaya ndi nyale kapena zokuzira mawu, chikalumikizidwa popanda fyuzi chingathe kuyatsa galimoto yonse.

Zimene amakaniko ena amachotsa mu injini

Pali chizolowezi chakale chochotsa thermostat galimoto ikangofika m'dziko muno, poganiza kuti kachipangizoka n'ka maiko ozizira okha. Ntchito ya thermostat ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta mpaka injini itafika pa kutentha kumene inapangidwira, kumene pa injini zambiri kumakhala pakati pa madigiri 80 ndi 95. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha, ndipo pa mitsetse italiitali kapena m'mawa wa mu Juni ndi Julayi ku Tsangano ndi ku Lizulu imazizira mopitirira. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ndi yozizira imathira mafuta ochuluka, monga momwe imachitira poliza m'mawa. Mafuta amapita, ndipo zitsulo za m'kati zimadyeka msanga. Galimoto ikamatentha kwambiri, chifukwa chake chimakhala china: rediyeta yotsekeka, fani yakufa, chotsekera chotha kapena thermostat yowonongeka imene ikufunika ina yatsopano. Madzi a pa mjigo kapena a mumtsinje amasiya dzimbiri ndi miyala m'rediyeta, n'chifukwa chake opanga magalimoto amalangiza madzi ake apadera oziziritsira injini.

Chinanso chimene chimachotsedwa ndi catalytic converter, kabokosi ka pa paipi ya utsi kamene kamachepetsa poizoni wa mu utsiwo. Mwini galimoto amauzidwa kuti kakachoka injini ipuma bwino. Chimene sauzidwa n'chakuti m'katimo muli miyala ya mtengo wapatali ya platinum, palladium ndi rhodium, ndipo alipo anthu amene amakagula. Kabokosi kabwinobwino sikadyetsa mafuta mooneka. Kakatsekeka, kawirikawiri gwero lake limakhala mapulagi akutha kapena injini yowotcha oyilo, ndipo kukachotsa sikuchiza matenda enieniwo. Komanso pafupi nako pamakhala kachipangizo koyeza mpweya wa mu utsi, kamene kamauza kompyuta kuchuluka kwa mafuta oyenera kuthira. Kameneka kakawonongeka pa ntchito yochotsayo, galimoto imayamba kumwa mafuta kuposa kale.

Sefa ya mpweya nayo imachitiridwa nkhanza. Ena amaiboola, ena amaichotsa, ena amaika yotseguka imene imaliritsa injini mokoma. M'misewu ya fumbi, izi zili ngati kuthira mchenga mu injini. Sefa yakuda isinthidwe ndi ina yofanana nayo, ndipo kwa galimoto yoyenda m'fumbi isinthidwe kawirikawiri kuposa momwe buku limanenera za misewu ya phula.

Zipangizo ndi mankhwala olonjeza zodabwitsa

M'misika ndi pa intaneti mumapezeka maginito omangirira pa paipi ya mafuta, timapiritsi toponya mu thanki ndi tizipangizo tolowetsa pamalo oyatsira ndudu, zonse zolonjeza kuchepetsa kamwedwe ka mafuta ndi gawo lalikulu. Bungwe loona za chilengedwe la EPA ku United States linayeza zipangizo zoterezi zoposa 100, ndipo silinapeze n'chimodzi chomwe chimene chimapulumutsa mafuta mooneka. Zina zinapezeka kuti zingathe kuwononga injini. Nzeru wamba nayo ikuvomereza: makampani opanga magalimoto amawononga ndalama zochuluka pofufuza njira zopulumutsira ngakhale dontho la mafuta, ndipo maginito akanakhala kuti amagwira ntchito bwenzi galimoto iliyonse ikubwera nawo. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Amene amaona ngati chipangizo chamuthandiza nthawi zambiri amakhala kuti wayamba kuyendetsa mosamala poyembekezera zotsatira, ndipo chapulumutsa mafutawo ndi phazi lake.

Giya ya free pa mtsetse

Langizo loopsa kuposa onse ndi lakuti potsetsereka dalaivala achotse giya n'kuika pa free, kapena azimitse injini kumene. M'boma la mapiri ngati lino, yesero limeneli limabwera tsiku lililonse, makamaka potsika kuchokera kumtunda kwa Lizulu ndi Tsangano kapena polowera kuchigwa cha Bwanje.

Pa magalimoto amakono, amene mafuta ake amayendetsedwa ndi kompyuta, langizoli silipulumutsa kanthu. Galimoto ikamatsika ili m'giya ndipo phazi lachoka pa moto, kompyuta imatseka mafuta, chifukwa matayala ndi amene akuzunguza injini. Ikaikidwa pa free, injini imafuna mafuta kuti isazime. Motero wotsika ali m'giya ndi amene amawotcha mafuta ochepa.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mabuleki. Galimoto ikakhala m'giya, injini imathandiza kuigwira. Ikakhala pa free, ntchito yonse imatsalira mabuleki, amene pa mtsetse wautali amatentha mpaka kuleka kugwira, makamaka galimoto ikalemedwa. Pa malole a mabuleki a mpweya, injini yongolira pang'onopang'ono siipopa mpweya wokwanira kubwezera umene ukugwiritsidwa ntchito. Kuzimitsa injini ndiye n'kuika moyo pachiswe: chiwongolero chimalimba, buleki imauma ikapondedwa kawiri kapena katatu, ndipo pa magalimoto ena chiwongolerocho chimadzitseka. Lamulo la madalaivala akale ndi loona mpaka lero: giya imene galimoto ingakwerere phiri ndi yomweyo imene iyenera kutsikira. Pa magalimoto osintha okha magiya pali zilembo monga L, B, S kapena 2, malinga ndi mtundu wake, zimene zinaikidwira ntchito imeneyi.

Anthu a m'boma lino sanaiwale ngozi ya mu 2019, pamene lole inalowerera pa msika wa Kampepuza n'kupha anthu oposa 15. Ngozi imeneyo ndi chikumbutso chosatha cha zimene zimachitika galimoto yolemera ikalephera kuima pamalo odzaza anthu. Palibe lita ya mafuta imene ingafanane ndi moyo wa munthu.

Mafuta enieniwo

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, mowa wa makina wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Malawi inayamba kuchita izi mu 1982, pamene fakitale ya EthCo inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo pambuyo pake kunabwera ya PressCane ku Chikwawa. Kusakanizaku kumachepetsa mafuta ogula kunja, amene amafika kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Koma ethanol amakoka chinyezi, choncho petulo wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amayamwa madzi n'kuwonongeka.

Mafuta akasowa, m'mbali mwa misewu mumadzaza ogulitsa a m'zigubu ndi m'mabotolo, ndipo m'boma la m'malire ngati lino sasowa. Wogula sangadziwe chimene chili m'katimo. Petulo wosakaniza ndi parafini amachititsa injini kugogoda ndi kutentha. Dizilo wosakaniza ndi parafini amataya mafuta ake ofewetsa, ndipo pampu ndi timipopi tothira mafuta mu injini timadyeka. Pa magalimoto amakono a dizilo, kukonza zimenezi kumadya ndalama zochuluka koposa zimene munthu anaganiza kuti wapulumutsa. Kusunga zigubu za petulo m'nyumba yogona, pafupi ndi mbaula kapena koloboyi, ndi kuitana moto. Chinanso choyenera kupewa ndi kuyenda masiku onse thanki ili pafupi kuuma, chifukwa pampu ya m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo, ndipo ikamakhala pamtunda imapsa msanga.

Zimene zimathandizadi

Malangizo amene amapirira akayesedwa ndi osadula, ndipo ambiri safuna kugula kanthu.

Loyamba ndi mpweya wa m'matayala. Muyeso woyenera umalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala, ndipo pa magalimoto a ku Japan umakhala mu kPa: 230 kPa ndi chimodzimodzi 2.3 bar kapena pafupifupi 33 psi. Kuyeza kuchitike matayala asanatenthe, kamodzi pa sabata kwa galimoto ya malonda. Matayala opopedwa bwino angathe kupulumutsa mpaka 3 peresenti ya mafuta, ndipo amakhalitsa. Kupopa mopyola muyeso kumachepetsa kugwira kwa tayala pa msewu ndipo kumalidya pakati.

Lachiwiri ndi phazi la dalaivala. Kunyamuka mwaukali, kuthamangira kupitirira mnzake kuti akapeze okwera patsogolo, kenako kuponda buleki mwadzidzidzi, kumadya mafuta pakati pa 15 ndi 30 peresenti pa msewu waukulu, malinga ndi unduna wa ku United States uja. Liwiro likapitirira makilomita 80 pa ola, kamwedwe ka mafuta kamakwera mofulumira, chifukwa mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imachuluka kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Pa ulendo wa makilomita 160, woyenda pa 80 amatenga maola awiri, ndipo woyenda pa 100 amafika mphindi 24 zokha patsogolo pake.

Lachitatu ndi kuzimitsa injini poima. Chizolowezi choliza injini pa siteji kuti okwera aganize kuti galimoto yatsala pang'ono kunyamuka chimawotcha mafuta popanda kuyenda ngakhale phazi limodzi. Injini zamakono sizifunanso kutenthetsedwa kwa mphindi zambiri m'mawa. Theka la mphindi ndi lokwanira, kenako n'kuyamba kuyenda modekha. Injini zokhala ndi turbo zokha ndi zimene zimafuna kulira mphindi imodzi kapena ziwiri zisanazimitsidwe zikangomaliza kukwera phiri.

Lachinayi ndi oyilo woyenera. Injini zing'onozing'ono zambiri za ku Japan zinapangidwira oyilo wopepuka monga 0W-20 kapena 5W-30. Oyilo wolemera monga 20W-50 amazilemetsa ndipo amachedwa kufika m'tinjira ting'onoting'ono m'mawa. Magalimoto a giya ya CVT, monga ma Sienta ambiri, amafuna oyilo wa giya wakewake, ndipo kuthiramo wina kumapha giya yonse. Mapulagi akutha ndi mabuleki ogwira okha nawonso amaba mafuta mwakachetechete.

Lachisanu ndi kukonzekera ulendo. Alimi a mudzi umodzi akagwirizana tsiku lotumiza mbewu ku msika, galimoto imayenda kamodzi itanyamula katundu wokwanira m'malo moyenda katatu ili theka, ndipo ikapeza katundu wobwerera nayo, mtengo wa thumba lililonse umatsika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mfundo zomwezi zikukhudzanso anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Tcheni chomangidwa bwino ndi chothiridwa oyilo, matayala opopedwa mokwanira ndi katundu wa muyeso zimapulumutsa petulo. Kuboola paipi ya utsi kuti njinga izilira kwambiri sikuionjezera mphamvu, ndipo kuchotsa magalasi oonera kumbuyo kumachotsa maso amene akanapulumutsa woyendetsa ndi wokwera.

Lamulo, inshulansi ndi misewu ya onse

Galimoto iliyonse inalembetsedwa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Road Traffic, motsatira lamulo la Road Traffic Act la 1997, ndipo blue book yake imaonetsa mtundu, nambala ya injini ndi zina zoizindikiritsa. Wosintha injini, mtundu wa penti kapena chiwerengero cha mipando ayenera kukaonekera ku nthambiyi kuti zolembedwa zigwirizane ndi galimoto, apo ayi adzavutika pa nthawi yotenga chiphaso cha COF kapena pogulitsa galimotoyo. Kampani ya inshulansi nayo iyenera kudziwitsidwa za kusintha kwakukulu, chifukwa ngozi ikachitika galimoto itasinthidwa mobisa kapena itanyamula anthu opyola muyeso, nkhani ya chipukuta misozi imavuta, ndipo ovutika amakhala ovulala ndi mabanja awo. Zoonjezera zoyenera kugula poyamba ndi zimene zimateteza moyo: zizindikiro za makona atatu zoika pa msewu galimoto ikafa, chozimitsira moto, tayala lapadera labwino ndi jeke.

Kulemetsa galimoto kumawononganso chuma cha anthu onse. Misewu ikuluikulu imakonzedwa ndi ndalama zimene bungwe la Roads Fund Administration limatolera kudzera pa mtengo wa mafuta ndi pa zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni, chimene chinayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021. Misewu ya m'midzi ndi timilatho take imadalira ndalama zachitukuko zochepa ndi thukuta la anthu a m'mawodi. Lole imodzi yosenza mopyola muyeso m'nyengo ya mvula ingathe kugumula kamlatho kamene mudzi wonse unadikira zaka zambiri.

N'chifukwa chake nkhaniyi si ya eni magalimoto okha. Wokwera ali ndi ufulu wokana kulowa m'galimoto yodzaza kale, ndi wodzudzula dalaivala wotsika phiri pa free. Makomiti a misika, magulu a madalaivala ndi a kabaza, makomiti achitukuko a VDC ndi ADC pamodzi ndi makhansala ali ndi mwayi wokambirana mfundozi pa misonkhano yawo. Ndipo mwini galimoto amene wauzidwa za kusintha kwatsopano adzifunse mafunso atatu asanavomere: kodi opanga galimotoyi anasiyiranji chinthu chimenechi, kodi chikhudza bwanji mabuleki ndi matayala, ndipo kodi kabuku ka malita ndi makilomita kadzaonetsa phindu lake? Ngati mayankho ake sakumveka, ndalamazo zipite ku matayala abwino, oyilo woyenera ndi mabuleki odalirika.